Buku Lopanda Khomo

Tandimasulirani ichi, inu odziwa kuwerenga. Mwamuna wopanda miyendo analowa m'nyumba ya mwini. Alibe pakamwa, koma amalankhula ndi mkazi wa mwini mpaka kumuliza. Mwini nyumba amamuona tsiku ndi tsiku, koma pomugwira pakhosi palibe. Ndani ameneyo? Mwagonja? Musachite manyazi. Nayenso Chidendene chinamuzunguza mutu mpaka imvi.

Chidendene anali wosoka nsapato. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewu wake, chifukwa ukamamupatsa moni iye maso amakhala pansi, kuona mbali imene chidendene chako chadyekera. Kale ankagwira ntchito kufakitale ya nsapato. Fakitaleyo itatsekedwa, anatsegula kashopu kake kumapeto kwa mzere wa mashopu, kodzaza ndi zikopa, zidutswa za matayala, ulusi wakuda ndi fungo la guluu limene linkamutsatira mpaka kunyumba. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali pakamwa.

"Ine ndikamata, ndamata," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Amayamba kutha ndi mwini nsapato, nsapato ikadali."

Mkazi wake ankasita zovala pamalo ena ochapira, kuseri kwa msewu womwewo. Anali mayi wofatsa, wa mwana mmodzi, wa zipsera za simbi m'mikono. M'banja analowa ndi katundu wochepa: sutikesi ndi buku. Bukulo analitola ali mtsikana, padzala la nyumba imene amayi ake ankachapako zovala. Linalibe chikuto, moti dzina lake panalibe yemwe ankalidziwa. Masamba ake anali achikasu ngati mano a wosuta fodya, ndipo ankalimanga ndi kansalu kuti lisamwazike.

M'bukumo ndi mmene munkakhala mwamuna wathu wopanda miyendo uja. Anali mmphawi wa kudziko lozizira, wosenza matumba a malasha padoko. Ankakhala m'chipinda chimodzi ndi mkazi wodwala chifuwa komanso ana aakazi atatu amene ankachita kubwerekana nsapato potuluka panja. Mkazi wa Chidendene ankangomutchula kuti "wa malasha", ngati mmene munthu amatchulira m'bale wake wokhala kutali.

Lamlungu masana, mbale zikatsukidwa, mayi ankakhala pakhonde, miyendo ali tambalale, n'kumasula kansalu kaja. Ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera ngati wopemphera. Pakapita kanthawi, misozi mbwee!

"Kodi kwagwa zovuta, mayi?" Chidendene ankafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Ayi bambo, ndi wa malasha uja. Wagulitsa jekete lake."

"Jekete lomwe lija anagulitsa chaka chatha?"

"Lomwelo."

"Nanga munthuyu ali ndi majekete angati? Ine tsiku lija ndinadzitibula chala ndi nyundo mpaka chikhadabo kuchoka, inu munangoti pepani bambo, mangani kansalu. Msozi ndi umodzi womwe sunagwe."

"Inu chikhadabo chinamera china. Iyeyu jekete silibwerera."

Chidendene ankangolowa m'nyumba kukadzigwetsa pampando. Abale, nsanje yochitira munthu wamoyo ili ndi pogwira. Ukhoza kumudikirira pamphambano, kumufunsa bwinobwino. Koma wa pepala umutani? Sakalamba, satuluka mimba, saliza mkonono, sanunkha guluu. Zaka zonsezi mayi ankati akaona mwana wopanda nsapato mumsewu, amvekere, "Ngati ana a wa malasha." Mphepo ikazizira, "Koma ndiye wa malasha akanavutika lero." Chidendene ankaona ngati m'nyumbamo iye ndi mlendo, mwini wake ndi uja wogona pashelefu atamangidwa kansalu.

Komabe ankapirira. Ankadzitonthoza kuti munthu wa pepala sangatuluke n'kuyenda.

Ndiye tsiku lina anatuluka. Anatulukira pakamwa pa wometa.

Wometayo anabwera kudzachita lendi shopu yogundana khoma ndi ya Chidendene. Anali bambo wosalala, wa ndevu zoduliradulira, wonunkhira mafuta, wolongolola ngati wailesi. Masana ena mayi anabweretsa chakudya cha mwamuna wake, bukulo likusuzumira m'chikwama. Wometa analiona, natsegula tsamba loyamba, nakuwa ngati waona m'bale wake wotayika.

"Alamu! Ili mwalipeza kuti? Ili si lija la munthu wosenza malasha?"

"Mukulidziwa, alamu?"

"Kulidziwa! Ndinaliwerenga ndili gone m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha. Anandibwereka mkulu wina wa bedi loyandikana nalo. Ndinalira mpaka anamwino kuganiza kuti mwendo wathyokanso."

Mayi anaseka. Chidendene anamva kusekako ali m'kashopu kake, msomali uli pakamwa, ndipo anatsala pang'ono kuumeza. Kuseka kotero anali atakuiwala. Kunali kuseka kwa mtsikana.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya cha masana chinkafika kwa Chidendene chitapola. Mayi ankayamba waima pakhomo pa wometa. Khoma la pakati pa mashopu awiriwo linali la matabwa opyapyala, ndiye Chidendene ankatsamiritsa khutu pamenepo, nsapato ya mwini ili pamwendo. Tsoka lake, mashini ometera ankalira ngati njuchi, moti nkhani inkamufika yoduka mutu ndi mchira.

"...paja mwana wamkulu uja anabwerako nsapato zitanyowa, mng'ono wake n'kuzivala choncho..." Zzzzz. "...ndiye iye akalowa m'nyumba, amvekere ndadya kale..." Zzzzz. "...musandikumbutse alamu, mtima wanga..."

Mtima wanga! Chidendene ankakhoma msomali mpaka kuupinda. Tsopano adani anali awiri, wa pepala ndi wa sizasi, ndipo ankadyera mbale imodzi. Choipa ankadziwa kuti palibe chimene awiriwo akulakwa. Ankalankhulira poyera, pakhomo, anthu akudutsa. Koma anali ndi dziko lawolawo, lozizira, lodzaza utsi, ndipo iye analibe tikiti yolowera.

Mwayi unabwera ndi mphepo. Tsiku lina mayi akuonetsa wometa tsamba lina, kansalu kanagwa, kamvuluvulu n'kumwaza buku lonse mumsewu. Mayi anakuwa ngati mwana wagwera m'chitsime. Wometa anathamanga uku ndi uko akutola masamba, mayi wogulitsa tiyi wa pangodya nayenso anasiya ketulo n'kuthandiza. Atawasanja m'malo mwake, wometa anati, "Musadandaule alamu, ndili ndi tepi m'dirowa."

"Tepi?"

Onse anatembenuka. Chidendene anali ataima pakhomo pake, epuloni ili pamimba, manja m'chiuno.

"Tepi, pali mmisiri pano? Achimwene, inu metani mitu. Zomata ndi zosoka tisiyireni eni ake. Bweretsani kuno."

Mayi anazengereza pang'ono, koma anapereka.

Ntchito imene Chidendene anagwira pabukulo, ngakhale nsapato ya ukwati sanaigwirirepo choncho. Anafuna kuti wometa aone. Masamba oyambirira, amene anali ong'ambikang'ambika, anawaika padera kuti adzawasokere limodzi ndi chikuto. Otsalawo anawalumikiza, nawaboola kumsana, nawasoka ndi ulusi wopaka phula. Kenako anatsegula chitini cha guluu. Anapaka kumsana mosaumira. Ataona kuti ngodya za masamba zapindikapindika ndipo m'mphepete mwanyenyeka, anachita zimene dzanja lake linazolowera. Wosoka nsapato aliyense amadziwa kuti madzi amalowera m'mphepete. Anadutsitsa burashi mbali zonse zitatu, bwinobwino, kuti pagone. Anapanikiza bukulo pansi pa chitsulo chokhomerapo nsapato, pamwamba n'kusanjikizapo njerwa, nalisiya kuti ligwirane. Litauma analiveka chikuto cha chikopa chofiirira, nasokerera masamba oyambirira aja, naikapo kalamba ndi kachitsulo komangira. Pomaliza polishi.

Linatuluka buku lonyezimira ngati nsapato ya bwana.

"Koma akulu, apa mwagwira ntchito," anavomereza wometa.

"Ine ndikamata, ndamata."

Mayi anatambasula manja, maso akuwala. Apa ndi pamene satana wa nsanje anamunong'oneza Chidendene. Akalibweza, mawa lomwe likhala pakhomo pa wometa, mitu iwiri itaweramira tsamba limodzi. Analipana m'khwapa.

"Dikirani kaye, mayi. Ndikufuna ndiliwerenge."

Mayi anamuyang'ana ngati wamva uthenga wa mwana wobadwa kumene.

"Inuyo, bambo? Muliwerenga?"

"Nanga maso ndilibe?"

Madzulo a tsikulo tiyi wake anali ndi shuga wambiri kuposa masiku onse. Mayi ankangomuba ndi diso, akumwetulira yekha. Chidendene anamva kukoma, komanso anamva ngati wavala nsapato yothina.

Kunena zoona, anayesa. Kuwerenga ankadziwa, kwapang'onopang'ono, kokwanira zikwangwani ndi manambala a nsapato. Makasitomala akachepa ankamasula kalamba, n'kutsegula tsamba loyamba. Koma wolemba bukulo sanali pachangu. Anayamba ndi utsi. Utsi wa m'mafakitale, utsi wa sitima, utsi wosakanikirana ndi chifunga. Tsamba lachiwiri, mvula. Lachitatu, utsi wabwereranso. Wa malasha osaoneka. Chidendene ankangofika pakati pa utsiwo, zikope n'kulemera, mutu n'kugwera pachifuwa. Mawa lake ankayambiranso poyamba, poti anali ataiwala kuti utsi unalekera pati.

Koma kunyamula ndiye ankanyamula. Popita kuntchito buku m'khwapa. Pokagula ulusi buku m'khwapa. Akaona wometa waima pakhomo, ankalitsegula msanga, n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene wakumana ndi zozama.

"Mwafika pati, bambo?" mayi ankafunsa.

"Musandithamangitse. Ndafika paja zinthu zavuta."

"Zinthu zimavuta buku lonse."

"Eya, pomwepo."

Sabata zinapita. Lamlungu masana mayi ankakhala pakhonde manja ali pamwendo, chala chowerengera chija chikungoyenda chokha pansalu. Chidendene ankaona, mtima n'kumuluma, koma ankati bola kusowa chochita kusiyana n'kulirira mwamuna wina. Tsiku lina anangolengeza kuti wamaliza, ndipo wayambanso kachiwiri. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Linali Loweruka masana. Mayi anaweruka msanga. Shopu ya wometa inali yodzaza, ena pabenchi, ena ataima pakhomo, mayi wa tiyi akuzungulira ndi makapu. Magetsi anali atazima, mashini ali chete, ndiye mawu ankadutsa khoma onse athunthu.

"Alamu, ine pamene pamandipweteka mpaka lero," ankatero wometa, "ndi paja wa malasha amalowa m'nyumba akupukuta pakamwa, amvekere ndadya kale kuntchito."

"Ii, alamu, pamenepo musanene. Ine mwamuna ngati ameneyo..."

Chidendene sanadikire kuti amalize. Anaponya nsapato pansi, natola buku, natulukira pakhomo pa wometa chifuwa chili patsogolo.

"Mwamuna ngati ameneyo chiyani? Anthuni, mwanditopetsa naye wa malasha wanuyu. Ine bukuli ndalimaliza kawiri, ndipo ndikuuzeni zoona. Munthu ameneyu ndi wosusuka!"

Wometa anaima, sizasi ili m'malere.

"Wosusuka, akulu?"

"Wosusuka, wodzikonda, wopanda chisoni! Mkazi akutsokomola, ana atatu nsapato akubwerekana, iye tsiku ndi tsiku kumakadya yekha kuntchito. Ndiye alibe ndi manyazi omwe, kumafika pakhomo akupukuta mafuta pakamwa, ati ndadya kale. Ameneyo ndi mwamuna? Inu mumawerenga ndi misozi, n'chifukwa chake simuona bwino. Ine ndimawerenga ndi mutu."

Ena pabenchi anagwedeza mitu, poti bukulo sankalidziwa. "Akunena zoona mkuluyu," anatero wina. Chidendene anatupa. Anayang'ana mkazi wake kuti aone ngati mdani wagwa.

Mayi sanakwiye. Anangopendeketsa mutu, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo," anatero mofatsa, "mwina ine ndinawerenga molakwa. Tatiwerengerani pamenepo, tonse timve. Ndi chapakati, mukangodutsa paja amagulitsa jekete."

Thukuta linamera pamphumi pa Chidendene. Koma anadzilimbitsa mtima. Kuwerenga amadziwa, atsegula pakati, apeza mzere uliwonse, aziona konko. Anamasula kalamba mwaulemu. Ananyambita chala. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, nadutsa utsi wake uja. Kenako chala chinagunda khoma.

Ananyambitanso. Anakanda ndi chikhadabo. Palibe. Anatembenuza buku, nayesa chakumapeto. Anayesa pamwamba, anayesa pansi. Analigwira ndi manja awiri n'kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Buku lili gwa, ngati njerwa yowotcha.

"Latani, akulu?" anafunsa wometa.

"Chinyezi. Nyengo ino mapepala amagwirana."

"Tabweretsani."

Wometa analitembenuza uku ndi uku, nalinunkhiza m'mphepete. Kenako anapinda chala, nagogoda pachikuto. Go! Go! Go!

"Odi! Odi kuno! A malasha, mulimo?" Anaika khutu pabuku. "Akuti atsekeredwa m'katimu. Chitsekereni tsiku lija la mphepo, sanaone dzuwa."

Shopu inaphulika. Wina amene anali atametedwa mbali imodzi anagwa pampando. Mayi wa tiyi anakhala pansi, makapu akugwedera pathireyi, misozi ili chuchuchu.

"Kawiri!" ankakuwa. "Ati alimaliza kawiri! Munkalowera pawindo, bambo inu?"

Chidendene sankawamva. Maso ake anali pa mkazi wake. Mayi anali atalandira bukulo, akulisisita m'mphepete mmene guluu anaumira ngati galasi. Buku limene analitola ali mtsikana, limene linapirira mvula, mbewa ndi kusamuka konse, analipha ndi mwamuna wake, ndi burashi. Apa mantha enieni anamugwira Chidendene. Kusekedwa ndi msewu wonse n'kochepa. Koma mayiyu akangotembenuka n'kumapita osanena kanthu, ndiye kuti wadzimatira yekha chitseko.

"Mayi," anatero ndi mawu aang'ono, "ndimati madzi asalowe."

Mayi anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Bambo, wa malasha sankadya kuntchito. Ankanama. Ankapukuta pakamwa pouma kuti gawo lake adye ana." Anakweza maso. "Ine ndikudziwa wina amene ankachita zomwezo, chaka chija fakitale inatsekedwa. Ankafika akutokosa m'mano, amvekere ndadya kwa mnzanga, patsani mwana. Kumwa madzi kapu imodzi, n'kukakhala panja. Mimba ikulira ngati mashini a alamuwa, iye ati ndi galimoto ikudutsa."

Mayi anamuyandikira Chidendene.

"Mumaganiza kuti zaka zonsezi pakhonde paja ndimalirira ndani? Munthu wa kudziko loti sindinalionepo?"

Chidendene anayang'ana pansi, kuzidendene za anthu, monga mwa chizolowezi chake, koma ulendo uno sankaona chilichonse. Maso anali atachita chifunga, chonga chija cha tsamba loyamba.

"Ndiye kuti," anatero wometa akukanda ndevu, "akuluwa aima pakhomo panga, pamaso pa makasitomala anga, n'kudzitukwana okha? Wosusuka, wodzikonda, ndi chiyani china chija?"

"Wopanda chisoni!" anathandiza mayi wa tiyi.

Apa mayi analephera kudzigwira. Anayamba ndi mapewa, kenako kunatuluka kuseka kuja, kwa mtsikana, kumene Chidendene ankakumvera kuseri kwa khoma. Lero kunali kwake, ngakhale kuti wosekedwayo anali iye. Anaseka mpaka kutsamira paphewa la mwamuna wake, akumumenya ndi buku lomwelo pamsana.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Buku mwalimata, koma muno simunafikemo ndi burashi yanu." Analoza pamutu pake. "Mawa masana mukhala pakhonde, ndikuuzani lonse, kuyambira pa utsi."

"Utsiwo tidumphe, mayi. Ndikuudziwa bwino."

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo!" anawaperekeza motero mayi wa tiyi, benchi yonse ikugubuduka.

Bukulo lili pashelefu mpaka lero, likunyezimira, ndipo madzi ndi dontho lomwe sanalowemo. Koma mumsewu umenewo, aliyense wobweretsa nsapato kwa Chidendene amati akaipereka, n'kuyenda pang'ono, kenako n'kutembenuka.

"Akulu, mumate bwino. Koma chonde, polowetsa phazi musiyepo."

Ndipo kuseri kwa khoma la matabwa, mashini ometera amayamba aima kaye, kuti mwini wake aseke bwino.